Lipoti la wodwala: dalaivala amene anasiya fodya koma khofi osachepetsa

Lipotili ndalembera anzanga a m'zipatala zing'onozing'ono, makamaka za m'mbali mwa misewu imene mathiraki amadutsa. Dzina la wodwala, la kampani yawo ndi zina zowazindikiritsa ndazichotsa, ndipo eni ake anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe.

Mmene anabwerera

Bambo a zaka 46, dalaivala wa thiraki yonyamula katundu pakati pa Blantyre ndi Durban, anafika Lachiwiri cha m'ma 9 koloko m'mawa, m'mwezi wa Okutobala, atawaperekeza mayi akunyumba. Anali atangofika dzulo lake kuchokera ku ulendo, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Zobue, n'kulowera pa Mwanza. Atangokhala pampando anati, "Adokotala, mtima ukugunda ngati utuluka, ndipo lero ndi tsiku lachitatu osaona tulo." Ankanenanso za kunjenjemera kwa manja, kukodza pafupipafupi, chilungulira, ndi mantha osadziwika kumene akuchokera. Pa Tete, ali pamzere wa magalimoto, anaganiza kuti afera pomwepo, mpaka anaimbira foni mkazi wawo kumuuza kumene kuli mapepala a nyumba.

Pachifuwa sipankapweteka. Sanakomokepo, sankabanika akagona chagada, miyendo sinali yotupa, thupi silinatenthepo. Masiku asanu m'mbuyomo, ali ku Harare, anayamba kutsegula m'mimba, chimbudzi chamadzi chopanda magazi, ndipo tsiku lotsatira anagula mankhwala opha mabakiteriya a ciprofloxacin (cipro) pa famase ina ya m'njira popanda kalata ya dokotala. Ankamwa 500 mg kawiri patsiku, ndipo pofika kwa ife anali atamwa mapiritsi asanu ndi atatu. M'mimba munali mutayamba kuleka.

M'kabuku kawo ka kuchipatala munalibe matenda aakulu. BP anayezetsa miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo poyezedwa za ntchito, inali 132/84. Mphumu alibe, shuga sanawapezepo nayo. Mowa amamwa mwa apo ndi apo, botolo limodzi kapena awiri akakhala pakhomo, ndipo panali patatha milungu itatu osamwa. Fodya anasuta zaka zoposa 20, ndudu pafupifupi 15 patsiku, koma anasiyiratu milungu isanu m'mbuyomo, achimwene awo atagonekedwa ndi matenda a m'chifuwa. Za fodyazi ndinazilemba n'kuwayamikira, osadziwa kuti mfundo ya nkhani yonse yagona pomwepo.

Zimene tinapeza

Anali munthu wosakhazikika, akugwedeza mwendo, akulankhula mofulumira ndi kudumphadumpha nkhani. Thupi linali 36.9, sikelo 78 kg. Mtima unkagunda ka 122 pamphindi, mwadongosolo, kupatula kuti nthawi zina kunkamveka kugunda kobwera msanga. BP inali 162/98, titabwereza patapita mphindi 15 inali 156/94. Mpweya m'magazi 98 peresenti. Atatambasula manja, zala zinkanjenjemera pang'onopang'ono mofulumira. Milomo inali youma. Pakhosi panalibe chotupa cha chithokomiro, maso sanali otong'oka, m'zikope munali magazi okwanira, m'mapapo munkamveka bwino, pamtima panalibe phokoso lachilendo. Pamwamba pa mchombo pankawawa pang'ono ndikadina.

Malungo sanapezeke. Hb, muyezo wa kuchuluka kwa magazi, inali 14.6, shuga 7.4 mmol/L asanasale, HIV ayi, mkodzo wabwino. ECG, makina ojambula kagundidwe ka mtima, inaonetsa mtima wothamanga koma woyambira pamalo pake, ka 116 pamphindi, ndi kugunda kongowonjezera kochokera m'zipinda zam'munsi za mtima apo ndi apo. QT, kachigawo ka pa ECG kamene kakatalika mtima ukhoza kusokonekera kagundidwe, inali yosatalika, ndipo panalibe chizindikiro choti mtima ukusowa magazi. Potaziyamu, mchere wa m'magazi wofunika pa kagundidwe ka mtima, anali 3.3 mmol/L, wotsikirako pang'ono. Magazi oyeza chithokomiro tinatumiza ku tauni, ndipo zotsatira zinabwera patatha mlungu zili bwinobwino.

Apa ndivomere kulakwa kwanga. Nditaona BP yokwera kawiri mwa munthu wa zaka zimenezi, wonenepa pang'ono, wosuta zaka zambiri, dzanja linali litalemba kale mankhwala a BP okodzetsa, hydrochlorothiazide 25 mg, m'kabuku. Panja panali mzere wautali. Amene anandiimitsa ndi mayi aja, amene mpaka nthawi imeneyo anali chete pabenchi. Anati, "Komatu adokotala, awa m'mawa uno amwa kale makapu awiri a khofi, chakudya ayi. Kodi zimenezo sizikweza BP?" Ine ndinali nditafunsa za mowa, za fodya, za chamba, za mankhwala achikuda, koma zoti amamwa chiyani m'mawa sindinafunse. Ndinakhwatcha zimene ndinalembazo. Mankhwala amenewo akanawonjezera kukodza mwa munthu wotha madzi kale, n'kutsitsanso potaziyamu amene anali wotsika, pamtima umene unali kale ndi kugunda kongowonjezera.

Zimene zinali m'thiraki

Kufunsa munthu kuti amamwa makapu angati sikukwanira, chifukwa kapu ya wina ndi mtsuko wa mnzake. Ndinapempha mayiwo kuti akatenge zonse zimene bambo amayenda nazo, poti kwawo sikunali kutali. Anabwera ndi jumbo: fulasiki ya lita imodzi, chikapu chachitsulo cha pafupifupi 350 ml, chitini cha khofi waufa wosungunuka yemwe amagula ku South Africa, zitini ziwiri za zakumwa zopatsa mphamvu za 500 ml, ndi mapiritsi a mutu ogula m'golosale. Chitinicho chinali cha khofi weniweni, osati uja wosakaniza ndi mizu ya chicory amene kafeini wake, chinthu chochotsa tulo cha mu khofi, amakhala wochepa.

Ndinawapatsa supuni kuti andionetse mmene amathirira. Masupuni awiri odzaza mpaka msonga, shuga atatu. Makapu otere asanu patsiku, loyamba 4 koloko m'bandakucha, lomaliza cha m'ma 6 madzulo, nthawi zina usiku ngati pachipata cha malire pali mzere. Supuni yodzaza ya khofi wotere imakhala ndi kafeini wapakati pa 60 ndi 70 mg, ndiye kapu imodzi inali pafupifupi 130 mg, makapu asanu 650 mg. Pachitini cha chakumwa chija panalembedwa 32 mg pa 100 ml iliyonse, kutanthauza 160 mg chitini chimodzi, ndipo tsiku loyendetsa ankamwa chimodzi, kukatentha ngati ku Tete ziwiri. Mapiritsi a mutu anali a paracetamol wosakaniza ndi kafeini 65 mg piritsi lililonse. Ankamwa awiri m'mawa, masiku ena awirinso madzulo, ndipo sankadziwa n'komwe kuti muli kafeini. Kuphatikiza zonse, tsiku wamba linali la 900 mg kapena kupitirira, tsiku loipa 1,200 mg.

Bungwe la European Food Safety Authority linanena mu 2015 kuti munthu wamkulu wathanzi akhoza kumwa kafeini wofika 400 mg patsiku, ndi 200 mg pakamodzi, popanda chodetsa nkhawa. Bambowa anali kuwirikiza kawiri kapena katatu. Buku la DSM-5, limene madokotala amagwiritsa ntchito pozindikira matenda a maganizo, limati kuledzera ndi kafeini kumaganiziridwa munthu akamwa woposa 250 mg n'kukhala ndi zizindikiro zisanu mwa khumi ndi ziwiri. Iwowa anali nazo zisanu ndi zitatu: kusakhazikika, mantha, kusowa tulo, kukodza kwambiri, kusokonekera kwa m'mimba, kunjenjemera kwa minofu, kulankhula kodumphadumpha ndi mtima wothamanga.

Koma bambowo anatsutsa, ndipo mfundo yawo inali yomveka. "Khofi ameneyu ndamwa chonchi zaka khumi, achimwene. Bwanji andidwalitse lero?"

Chimene chinasintha

Makapu sanasinthe. Chinasintha ndi liwiro limene chiwindi chawo chimachotsera kafeini m'magazi, ndipo chinasintha kawiri m'milungu isanu.

Kafeini amalowa m'magazi pafupifupi yense, ndipo amafika pachimake pakatha mphindi 30 mpaka 60. Ntchito yake yaikulu ndi kulanda malo a adenosine, chinthu chimene thupi limapanga chobweretsa tulo. Munthu akakhala maso nthawi yaitali, adenosine amachuluka mu ubongo n'kukhala pa timipando take, ndipo ndi pamene tulo timabwera. Kafeini amakhala pa timipando tomweto koma osagwira ntchito ya mwini mpando, ndiye ubongo sumva kuti watopa. Kutopa sikuchoka, kumangobisika. Pa nthawi yomweyo adrenaline, amene thupi limatulutsa munthu akadzidzimuka, amakwera, mtima umafulumira, mitsempha imafinyika pang'ono, impso zimataya madzi ndi mchere, m'mimba mumachuluka asidi. Akachuluka kwambiri amakankhiranso potaziyamu kulowa m'maselo, zimene pamodzi ndi kutsegula m'mimba zikufotokoza 3.3 uja.

Pafupifupi kafeini yense amaphwanyidwa m'chiwindi ndi enzayimu imodzi (chinthu chimene thupi limapanga chophwanya mankhwala), CYP1A2. Mwa munthu wamba, theka la kafeini limachoka pakatha maola pafupifupi asanu. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kupanga enzayimu imeneyi yochuluka. Si chikonga chimene chimachita zimenezi, ndi zinthu zina zotuluka fodya akamapsa. N'chifukwa chake wosuta amachotsa kafeini mofulumira, theka pa maola atatu kapena kupitirira pang'ono, ndipo osuta ambiri amamwa khofi ndi tiyi wochuluka kuposa anzawo. Munthu akasiya kusuta, enzayimuyo imayamba kutsika m'masiku ochepa chabe, ndipo kafukufuku wa Neal Benowitz ndi anzake wofalitsidwa mu 1989 anaonetsa kuti kafeini wa m'magazi mwa osiya fodya amakwera koposa kawiri ngakhale akumwa makapu omwewo. Nditafunsitsa, bambowa anavomera kuti tulo tinayamba kuvuta mlungu woyamba atasiya ndudu, mtima unkadumpha nthawi zina, mutu unkawawa. Iwo ankati ndi chibaba cha fodya, ndipo mbali ina chinalidi chibaba. Mapiritsi a mutu aja anayamba nthawi imeneyo, kuthira kafeini wina pamwamba pa amene anali atachuluka kale.

Kenako kunabwera ciprofloxacin, amene amatsekereza enzayimu yomweyo. Pa kuyesa kwa anthu athanzi, mankhwalawa amatalikitsa nthawi yochotsa theka la kafeini kuchoka pa maola asanu kufika cha m'ma asanu ndi atatu. Ndinawajambulira papepala. Kapu ya 130 mg yomwedwa 6 koloko madzulo: nthawi imene ankasuta, pofika pakati pa usiku inkatsala ngati 30 mg, pofika 6 m'mawa yosakwana 10 mg. Tsopano, opanda fodya ndiponso ali pa cipro, pakati pa usiku inkatsala pafupifupi 80 mg, m'mawa 45 mg. Imeneyo ndi kapu imodzi yokha mwa zisanu. Tsiku lililonse ankayamba ndi zotsala za dzulo n'kuwonjezerapo zatsopano, ndipo poti usiku sanagone, m'mawa ankathira wambiri kuti athe kuyendetsa.

Ciprofloxacin payekha amathanso kubweretsa kusowa tulo, kunjenjemera ndi mantha, ndipo amatalikitsa QT mwa ena. Choncho chimene ndinalemba m'kabuku ndi kuledzera ndi kafeini, koyambitsidwa ndi kusiya fodya pamodzi ndi ciprofloxacin, mankhwalawo akuthandizira okha pa zizindikiro, komanso kuchepa madzi pang'ono chifukwa chotsegula m'mimba. Zina zimene ndinaziganizira n'kuzisiya ndi malungo, kuchepa magazi, chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, kutsika kwa shuga, kusiya mowa mwadzidzidzi, ndi matenda a mtima enieni. Matenda a mantha obwera mwadzidzidzi sindinawachotseretu tsiku limenelo, koma sindikanawatchula munthu ali ndi kafeini wochuluka chotero m'magazi.

Ndipatuke pang'ono kwa anzanga amene mukugwiritsabe aminophylline pa mphumu. Theophylline, amene ali mu aminophylline, ndi m'bale wake wa kafeini, amadutsa pa enzayimu yomweyi, ndipo mpata pakati pa mlingo wochiza ndi wovulaza ndi wochepa kwambiri. Wodwala mphumu amene ali pa aminophylline mukamupatsa cipro, kapena akasiya kusuta, akhoza kufika pokomoka ndi kugwedezeka. Zimene zinawachitikira bambowa ndi chitsanzo chofatsa cha ngozi imeneyo.

Chithandizo

Cipro tinasiyitsa. Kutsegula m'mimba kwamadzi kopanda magazi ndi kopanda kutentha thupi sikunafunike mankhwala amenewa kuyambira pachiyambi. Tinawapatsa Thanzi lita imodzi kuti amwe pang'onopang'ono, phala, ndi nthochi ziwiri, n'kuwagoneka m'chipinda chabata. Dilipi sinafunike. Propranolol, wochepetsa liwiro la mtima, ndinamuganizira, poti mphumu alibe, koma mtima unali ukugunda mwadongosolo, pachifuwa posawawa, ndiye ndinasankha kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Diazepam, wogonetsa tulo, sindinapereke: munthu woyendetsa thiraki ya matani 30 sindifuna aphunzire kuti tulo timagulidwa ndi piritsi.

Pofika 12 koloko mtima unali pa 108, BP 150/92. Pofika 4 koloko madzulo unali pa 94, BP 142/88, manja akunjenjemerabe koma pang'ono. Anagona maola awiri pabedi lathu. Tinawatulutsa madzulo omwewo ndi kalata yopuma masiku asanu, titawauza kuti akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika abwerere usiku womwewo.

Zakumwa zopatsa mphamvu ndi mapiritsi a mutu osakaniza aja tinaletseratu, m'malo mwake paracetamol wamba. Khofi sindinaletse. Munthu womwa 900 mg patsiku akasiya kamodzin'kamodzi, mutu umayamba pakatha maola 12 mpaka 24, umafika poipa tsiku lachiwiri, ndipo ukhoza kukhala mpaka masiku asanu ndi anayi, pamodzi ndi kufooka, kuwodzera ndi kukwiya msanga. Dalaivala wowodzera ndi woopsa kuposa dalaivala wonjenjemera. Kafukufuku wa ku Australia wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2013 anapeza kuti madalaivala a maulendo ataliatali amene ankamwa zinthu za kafeini kuti akhale maso anali ndi mwayi wochita ngozi wotsika ndi 63 peresenti poyerekeza ndi amene sankamwa. Kafeini ndi chida chawo cha ntchito, ndipo kuwauza kuti asiyiretu ndi kuwauza kuti asadzabwerenso kwa ine. Tinagwirizana kuti tsiku limenelo asamwenso, masiku awiri otsatira amwe makapu awiri a supuni imodzi yokha m'mawa poti cipro anali asanachokeretu, kenako akhazikike pa makapu atatu a supuni imodzi ndi theka, lomaliza isanakwane 2 koloko masana akakhala pakhomo. Za 2 kolokozi zili ndi maziko: kuyesa kwina kofalitsidwa mu 2013 kunaonetsa kuti 400 mg womwedwa maola asanu ndi limodzi munthu asanagone amadula tulo ndi nthawi yoposa ola limodzi. Panjira, ngati tulo tagwira, aime, amwe kapu imodzi n'kugona mphindi 20 kafeini asanayambe kugwira, osati kuwonjezera makapu galimoto ikuyenda.

Kubweranso

Lachisanu anabwera ndi mutu waukulu, akuti ndi malungo. Tinayeza, sanapezeke. Mtima 82, BP 138/86, potaziyamu 3.9. Ndinawakumbutsa kuti mutu umenewu tinaunena, ndi kuti utha. Kutsika kuchoka pa 900 kufika pansi pa 200 m'masiku awiri kunali kwakukulu, ndipo mwina ndikanawalola kapu yachitatu msanga.

Tsiku limenelo ndi pamene anafunsa funso limene ndinkaliopa. "Ndiye ngati fodya ndiye ankathandiza chiwindi, bwanji ndingoyambiranso ndudu ziwiri patsiku?" Sanali kuseka. Ndinawayankha kuti fodya sankathandiza chiwindi, ankangochigwiritsa ntchito yowonjezera yochotsa poizoni wake, kafeini n'kumakokedwera limodzi. Kusiya fodya ndi chinthu chachikulu kwambiri chimene achitira mtima ndi mapapo awo, ndipo mtengo wake ndi kungodula khofi pakati. Kuyambira pamenepo aliyense amene ndikumuthandiza kusiya fodya ndimamuuza tsiku loyamba kuti achepetse khofi, tiyi ndi zakumwa za kola ndi theka. Ndikukayikira kuti ena amene amabwerera ku ndudu ponena kuti chibaba chawakanika, mtima ukugunda, tulo kulibe, amakhala akuvutika ndi kafeini osadziwa.

Patatha milungu iwiri BP inali 134/84, mtima 76, atakhala osamwa khofi m'mawa umenewo monga ndinawapemphera. Patatha milungu isanu ndi umodzi, atapita ku Durban ndi kubwerako, inali 128/82, ndipo ECG inalibenso kugunda kongowonjezera kuja. Mankhwala a BP sanayambe. Kafeini wa 200 mpaka 300 mg amakweza BP ya anthu amene ndi yokwera kale ndi pafupifupi 8 pa nambala yapamwamba ndi 6 pa yapansi kwa maola atatu kapena kupitirira, n'chifukwa chake malangizo oyezera amati wodwala asamwe khofi kapena kusuta mphindi 30 asanayezedwe. Pa OPD yathu palibe amene ankafunsa zimenezi, ine ndemwe.

Shuga atasala kudya inali 6.3 mmol/L, yosafika pa matenda a shuga koma yodutsa pabwino. Apa mlandu si wa khofi. Masupuni atatu m'makapu asanu ndi masupuni 15, pafupifupi magalamu 60, ndipo chitini chimodzi cha chakumwa chija chinali ndi ena oposa 50 malinga ndi zolembedwa pambali pake. WHO imati shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya chakudya cha tsiku, zomwe kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50. Anali kudutsa kawiri asanadye kanthu.

Khofi ndi woipa kodi?

Mayi aja anandifunsa zimenezi mwachindunji, ndipo ndikuganiza kuti ankafuna ndinene kuti inde kuti chitini chikatayidwe. Sindikanatha kunena choncho. Mu 2017 BMJ inafalitsa kuunika kwa Robin Poole ndi anzake kophatikiza kafukufuku wambiri, ndipo anapeza kuti anthu omwa makapu atatu kapena anayi patsiku amafa mochepa ndi matenda a mtima, ndipo sadwala kwambiri shuga ya akuluakulu, kuuma kwa chiwindi, khansa ya chiwindi ndi matenda a Parkinson poyerekeza ndi osamwa. Kafukufuku wotere ndi wongoyang'ana anthu mmene amakhalira, sangatsimikize kuti khofi ndiye wachititsa, ndipo ine sindiuza munthu wosamwa kuti ayambe ngati mankhwala. Koma sindingamuuzenso womwa makapu awiri kuti akudzipha. Ngakhale pa za kugunda kwa mtima, kuyesa kotchedwa CRAVE kofalitsidwa mu New England Journal of Medicine mu 2023, kwa anthu 100, kunapeza kuti masiku omwa khofi kugunda kongowonjezera kwa zipinda zam'mwamba za mtima sikunachuluke kwenikweni, kwa zipinda zam'munsi kunachulukirako, anthu ankayenda mapazi pafupifupi 1,000 owonjezera, koma ankagona mphindi 36 zochepa. Zipinda zam'munsi ndi tulo: ndi momwemo mmene munagwira bambowa.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri m'jumbo muja ndi fulasiki. Bambowa amathira madzi owira m'fulasiki, n'kumwa khofi akutuluka nthunzi, chifukwa pamalo oima nthawi imakhala yochepa. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, mu 1991 linaika khofi m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa, koma mu 2016 linamuchotsamo. Pa msonkhano womwewo linaika zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 m'gulu 2A, la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa yakummero. Vuto ndi kutentha, kaya ndi khofi, tiyi kapena phala. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa yakummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo aliyense wa ife waonapo munthu amene nsima yayamba kukakamira, kenako phala, kenako madzi. Kwa munthu wosuta zaka 20, uphungu woti adikire mphindi zisanu kapena athire mkaka wozizira ndi wotsika mtengo kwambiri. Ndinafunsa ngati chakudya chimakakamira pomeza, anati ayi. Chilungulira chinatha chokha atasiya kumwa khofi m'mimba mopanda kanthu.

Nkhani ina imene inawaseketsa ndi ya mtundu wa khofi. Khofi waufa wosungunuka nthawi zambiri amapangidwa ndi robusta, amene kafeini wake ndi pafupifupi kawiri wa arabica. Amene amalimidwa kwathu kuno, ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya ndi m'mapiri a Nkhata Bay ndi alimi a Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, komanso m'maesiteti a ku Thyolo, ndi arabica. Izi sizitanthauza kuti kapu ya khofi wogaya imakhala yofooka, poti ufa wake umathiridwa wambiri ndipo kapu imodzi imafika 80 mpaka 100 mg. Ndinawachenjezanso kuti akamamwa wogaya azisefa ndi pepala losefera, chifukwa wongowiritsa m'poto amatsala ndi mafuta otchedwa cafestol ndi kahweol amene amakweza kolesiterolo.

Mayi akunyumba

Pa ulendo wa mlungu wachisanu ndi chimodzi ndi pamene mayiwo anandiuza kuti ndi oyembekezera, miyezi inayi, ndipo kusikelo anawapeza ndi Hb ya 10.2. Iwo khofi amamwa bambo akakhalapo basi, koma tiyi wakuda ndi wa tsiku lililonse, makapu atatu, ndipo mapiritsi a ayironi ankamwera tiyi yemweyo m'mawa. Kafukufuku wa mu 1983 anaonetsa kuti kapu ya khofi yomwedwa ndi chakudya imachepetsa ayironi wolowa m'thupi ndi 39 peresenti, ya tiyi ndi 64 peresenti. Amene amachita zimenezi si kafeini koma zinthu zina za m'masamba ndi m'njere zimene zimamanga ayironi m'matumbo. Kwa anthu amene ayironi wawo wambiri amachokera ku nyemba ndi masamba osati nyama, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Ndinawauza amwere madzi, tiyi adikire ola limodzi kapena awiri.

Pa kafeini, mayi woyembekezera amamuchotsa pang'onopang'ono kwambiri, m'miyezi itatu yomaliza theka limatenga maola ofika 15, ndipo amadutsa kupita kwa mwana amene chiwindi chake sichinayambe kumuphwanya. WHO mu 2016 inalangiza kuti oyembekezera omwa woposa 300 mg patsiku achepetse pofuna kupewa kupita padera ndi kubereka mwana wochepa sikelo, ndipo a ku Ulaya amaika malire pa 200 mg. Makapu atatu a tiyi ndi pafupifupi 120 mpaka 150 mg, ndiye anali m'kati mwa malire, bola asawonjezere khofi wa bambo wa masupuni awiri. Mapiritsi olera nawonso amachedwetsa kuchotsa kafeini pafupifupi kawiri, mfundo yoyenera kukumbukira akadzabwera pambuyo pochira.

Komaliza kuwaona

Patatha miyezi itatu bambowa anadzera kuchipatala ali pa ulendo, thiraki ataiimika panja pa mpanda. Fodya sanayambirenso. Amamwa makapu awiri pakhomo, atatu panjira, supuni imodzi ndi theka, shuga mmodzi, ngakhale anavomera kuti pa Beitbridge, mzere utatenga masiku awiri, anagula chitini chimodzi cha chakumwa chija ndipo usiku umenewo mtima unawakumbutsa. BP 130/80, mtima 74, shuga atasala 5.8, sikelo yakwera ndi makilogalamu awiri monga zimachitikira osiya fodya. Pachikuto cha kabuku kawo ndinalemba ndi cholembera chofiira kuti aliyense wowapatsa ciprofloxacin awauze adule khofi pakati mpaka masiku awiri atamaliza mankhwala. Tidzayezanso BP ndi shuga pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Anapempha kapepala kaja ndinajambulapo masamu a kapu ya 6 koloko, akuti pali mnzawo wa pakampani amene wangosiya fodya mwezi uno.